Khoma la amayi aakulu ndi maina a mvula

Lolemba: Limbe mpaka Makawa

Foni inalira Lachisanu usiku. Anali amayi aakulu, akulu awo a malemu mayi anga, ndipo sanachulutse gaga m'diwa: "Mwanangu, khoma la kuchipinda lagona pansi." Nditamva kuti palibe wavulala, ndinafunsa ngati kunali mphepo. "Ayi, ndi mvumbi."

Liwu limodzi lomwelo ndi limene landilongedzera chikwama. Akanati mkuntho, bwenzi nditanyamula sowo, waya ndi misomali ya malata, chifukwa mkuntho umayambira kudenga. Poti anati mvumbi, ndatenga mpeni womangira, levulo, chingwe ndi mpukutu wa pulasitiki wakuda woyala pamaziko, pakuti mvumbi umadya nyumba kuyambira kumapazi. Ntchito yanga ndi yomanga nyumba, ndaigwira zaka zoposa 20, ndipo munthu akandiuza kuti mvula yamugwetsera nyumba, funso langa loyamba limakhala lakuti: mvula yake iti?

Minibasi inanyamuka ku Limbe cha m'ma 8 koloko. Ku Zomba phiri linali litafunda mtambo mpaka m'chiuno, ndipo ine ndinayang'ana kumbali. Za mapiri ndi madzi ndilemba tsiku lina, mtima ukakhala pansi. Pa Liwonde tinawoloka Shire pa baraji ya Kamuzu, madzi ali ofiira ndi dothi, namasupuni akuyandama m'magulumagulu.

Titangodutsa pa Ulongwe kutsogolo kunada bii, ngati wina wayanika bulangeti pamsewu. Kondakitala anakuwa: "Chimvula icho, tsekani mawindo!" Taonani chi- ameneyu. Mnyamatayo sanafunike kunena kuti ikubwerayo ndi yambiri, yoopsa, ya madontho akuluakulu. Anangoiveka chi- kumutu ndipo tonse tinagwira mawindo. Akanati kamvula, palibe akanasuntha. Ndipo chi- akalowa, chiganizo chonse chimamutsatira: chimvula chikubwera, chatipeza, chatiimitsa. Chinatiimitsadi, chifukwa zopukutira galasi zinalephera ndipo dalaivala anakhotera pambali. Mayi amene ndinakhala naye pampando anangogwira pakamwa: "Koma yakhuthuka!" Kukhuthula ndi zomwe umachita ndi ndowa ukafuna kuti musatsale ngakhale dontho. Palibe liwu lina likanakwana pamenepo.

Mphindi 20 zisanathe, inakata. Tisanafike pa boma la Mangochi tinapeza phula louma, mbuzi zitagona pamsewu, anthu akuupizira kutentha. Tinawauza kuti kumbuyoku kwagwa chimvula, iwo n'kumayang'ana matayala athu onyowa ngati tachokera dziko lina. Pa boma ndinakwera ina ya ku Monkey Bay, n'kutsika pa Makawa dzuwa litapendeka.

Lachiwiri

Ndinadzuka ndi kuitana kwa kumzikiti, kusanache. Kutayera ndinapita kukaona khoma. Silinagwe ngati lokankhidwa. Linachita kukhala pansi, ngati munthu amene mawondo amuthera mphamvu. Mizere itatu ya m'munsi yasanduka phala, pamene zidina za m'mwamba zili bwinobwino, ukhoza kuzitola n'kumangira khola la nkhuku.

Nyumbayi adamanga ndi zidina zomatidwa ndi dothi, maziko ake osakwera, ndipo denga silidatuluke mokwanira kunja kwa khoma. Chimvula ngati cha dzulo pa Ulongwe sichikanaigwetsa. Madzi a chimvula amathamanga pamwamba, dzuwa limatuluka, khoma n'kuuma. Koma mvumbi ulibe changu. Nthaka imamwa mpaka kukhuta, ikakhuta imayamba kupatsira khoma, ndipo chidina chimakoka madzi monga chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Pamwamba khoma likuoneka labwino, pansi likusungunuka. Tsiku limafika loti la pansi silingathenso kusenza la pamwamba.

Amayi anandifotokozera tikumwa tiyi ndi chinangwa. "Masiku anayi dzuwa osalionako. Sinali yaukali ayi, mwanangu. Pamalata imangoti waa, mofatsa, yogonetsa tulo. Nkhuni zonse zidanyowa, nsima timaphikira zitsononkho. Tsiku lachitatu ndidachotsa mphasa za ana kukhomako, poti mayi athu ankati mvumbi ukafika tsiku lachitatu usagone kukhoma limene likumenyedwa ndi mphepo. Usiku wachinayi ndidamva likung'aluka, ndidangowadzutsa n'kupita nawo kukhitchini."

Ndakhala ndikuganizira mawu amenewa tsiku lonse ndikuchotsa dothi. Adzukulu atatu ali moyo chifukwa agogo awo adaitchula mvulayo dzina lake, ndipo dzinalo lidabwera ndi malangizo ake. Pa wailesi ndi m'mauthenga a pafoni timamva kwambiri mawu akuti mvula yamphamvu. A zanyengo sindikuwanyoza, machenjezo awo apulumutsa anthu ambiri, ndipo ine sindithira konkire ndisanamve zomwe anena. Koma mphamvu ya mvula siili pamodzi. Ina mphamvu yake ili m'madontho, ina ili mumphepo, ina ili m'kuchuluka kwa masiku. Mvula imene yagwetsa khoma ili, mutaimirira panja n'kuiyang'ana, simukanati ndi yamphamvu. Mwana wokulira m'tauni, amene amadziwa mvula yamphamvu ndi mvula yochepa basi, akanagona kukhomako mpaka usiku wachinayi.

Liwu la mvumbi ndi pachibale ndi kuvumba. Akuluakulu amati mvula ikuvumba, ndipo amene yamupeza panjira wavumbwa. Kunyowa amanyowa aliyense, ngakhale wochapa kudooko, koma kuvumbwa ndi kwa mvula yokha. Ana anga ku Blantyre amangoti ndanyowa.

Lachitatu

Wabwereranso. Kuyambira usiku kumwamba kwangoti phulusa, mtambo umodzi kuchokera kunyanja mpaka kumapiri, wopanda pong'ambika. Tatseka chipinda chogumukacho ndi pulasitiki ndi mphasa zakale. Ntchito palibe.

Tinasonkhana kukhitchini: amayi, mng'ono wanga amene akundithandiza ntchito, mdzukulu wamkulu amene ali Sitandade 7, ndi anganga a nyumba yoyandikana nayo, omwe anabwera kudzapala moto n'kukhaliratu. Angangawa ndi Ayao. Ndinawapatsa moni wa "Ajimwiche uli?" amene ndidaphunzira ndili mwana, ndipo anakondwa. Kwao mvula ndi wula, koma Chichewa amachilankhula bwino lomwe, monga achitira anthu ambiri kuno.

Ndine ndinayambitsa nkhani, pofunsa ngati ya lero tingati ikuwaza. Amayi anakana. Kuwaza, iwo anati, ndi zomwe umachita ndi dzanja pabwalo usanasese kuti fumbi lisabuke: apa dontho, apo dontho. Mvula yowaza sikuletsa ulendo. Ndiye pali ya mawawa, yosalala ngati ufa, imene umalima nayo osadziwa kuti malaya akumamatira kumsana. Anganga anati mawawa akagona n'kudzuka, n'kugonanso, asanduka mvumbi. Amayi anati ayi, mvumbi uli ndi madontho ake okulirapo, umamveka pamalata, pamene mawawa samveka. Anakangana mpaka mbatata zinapsa, ndipo palibe anagonja. Ine ndili mbali ya amayi, koma za anganga zili ndi mfundo: chimene chimapanga mvumbi kukhala mvumbi ndi kusakata.

Ndinawauza za chiperoni chathu cha ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, mvula ya nkhungu ndi chisanu ya mu Juni ndi Julayi, imene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali yomwe mphepo yake imachokera. Anganga anati kuno miyezi imeneyo chomwe amadziwa ndi mwera panyanja ndi fumbi kumtunda.

Kenaka amayi anayamba kuwerenga chaka chonse ndi mvula zake. Chizimalupsa, ya mu Okutobala kapena Novembala, yodzazimitsa lupsa kutchire, imene imanunkhiritsa dothi n'kunyenga osadziwa kuti athamangire kumunda ndi mbewu. "Wobzala ndi chizimalupsa amabzala kawiri." Yobzalira amaidziwa pokumba ndi dzanja: chinyontho chikapitirira chikhatho, mawa lake kumunda. Ndipo anandikonza pa chinthu chimene ndakhala ndikusakaniza. Mvula ikasiya lero masana, yakata. Ikasiya masabata, chimanga chili m'mawondo n'kuyamba kupota masamba, yadula, ndipo imeneyo ndi ng'amba. Ikakana chaka chonse ndi chilala. Munthu akakuimbira foni kuti kuno yakata, umamuuza kuti ayanike zovala. Akati kuno yadula, umayamba kuganiza za thumba la chimanga loti umutumizire.

Mdzukulu uja anali chete nthawi yonseyi, kenaka anati kusukulu aphunzira kuti mvula amaiyeza ndi mamilimita, ndipo anafuna kudziwa kuti mvumbi ndi mamilimita angati. Funso labwino kwambiri. Ndinatenga khala n'kulemba pansi. Milimita imodzi ya mvula ndiye kuti lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Denga la agogo ake ndi mamita 6 kwina, 8 kwina. Itagwa mvula ya mamilimita 50, padenga pokhapo patsika malita 2,400, omwe ndi migolo 12 ya malita 200. Mwanayo anatong'ola maso. Madzi onsewo amagwera m'tsinde mwa khoma ngati palibe ngalande.

Koma ndinamuuzanso kuti nambalayo payokha siyankha funso lake. Mamilimita 50 akagwa pa ola limodzi, ndi chimvula: chimakokolola mizere, chimakumba zigwembe, chimadzaza mtsinje wouma mwadzidzidzi n'kutenga munthu amene amawoloka. Mamilimita 50 omwewo akamagwa pang'onopang'ono usana ndi usiku, n'kubwerezanso mawa ndi mkuja, ndi mvumbi: munda umalowa madzi, feteleza amasukuluka, zimbudzi zimatitimira, makoma amagona. Nambala ikuuza kuchuluka kwake. Dzina likuuza kagwedwe kake ndi chomwe uchite. Ndikufuna mwanayu adziwe zonse ziwiri, asataye cha agogo ake chifukwa cha cha aphunzitsi.

Lachinayi: pa boma

Kwacha kowala, ndiye ndinathamangira ku boma kukagula simenti ndi laimu. Njerwa zootcha tapeza kale pa uvuni wa munthu wina m'mudzi momwemo, abweretsa pangolo.

Ndisanagule ndinayenda mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi, kudutsa pa chipilala cha wotchi chimene adamanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, kale tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Ndinaima pamlatho kuyang'ana Shire akutuluka m'nyanja kulowera ku Malombe. Mitsinje yonse imene imathira m'nyanja ya Malawi, ya kwathu kuno, ya ku Tanzania ndi ya ku Mozambique, khomo lake lotulukira ndi limeneli lokha. N'chifukwa chake anthu a kuno amatha kulowedwa madzi ndi mvula imene sanaione. Mu 2024 nyanja idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Bambo wina wopalasa bwato amene ndinacheza naye pansi pa mlatho sananene kuti madzi adasefukira. Anati nyanja idabwera. Kusefukira ndi kwa mtsinje, umalumpha gombe lero, mkuja waphwa. Nyanja imabwera mwakachetechete, phazi limodzi sabata ino, lina sabata yamawa, ndipo ikafika imakhala miyezi. Chigumula, chija timachimva m'nkhani ya Nowa, ndi liwu lolemera kuposa onsewa, ndipo ntchito yake ili m'dzina momwemo: kugumula.

Ndikukweza matumba, kunagunda bingu cha kumapiri a ku Namwera. Tinathamangitsa simenti pakhonde la sitolo, pomwe tinausa mvula anthu ngati khumi ndi awiri, ena ndi njinga zawo. Kuusa ndi liwu lina lomwe ndimalikonda. Sikubisala, pakuti mvula sukuiopa ngati chilombo. Ukungoipatsa njira kuti idutse. Mnyamata wa kabaza anafika mochedwa, madzi akuchucha m'chipewa: "Yatikwapula, akulu!" Mkulu wina wa ndevu zoyera anamuyankha kuti mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo khonde lonse linaseka, mnyamatayo pamodzi nafe. Simenti yafika kunyumba youma.

Lachisanu

M'mawa takumba maziko atsopano mpaka tapeza nthaka yolimba, tayala miyala, ndipo ndakweza mizere ya njerwa zootcha kuti pansi pa nyumba pakhale pamwamba kuposa bwalo. Matope ake ndi a simenti, muyezo 1 pa miyezo 6 ya mchenga. Pamwamba pake mpomwe pabwere pulasitiki uja, kuti chinyontho chikakwera chikathere pomwepo.

Masana, anthu akutuluka kumzikiti, ndinapita kukaona amalume kumudzi kwa akazi awo, kufupi ndi gombe. Adasiya kupita panyanja maso atayamba kuvuta, koma tsiku lonse amakhala padooko kusoka maukonde a anyamata. Ndinawapeza akuyang'anira usipa pathandala. Dzinja ndi nyengo yowawa kwa oyanika nsomba: mvumbi wa masiku awiri umaoletsa usipa wonse, phindu la usiku wathunthu n'kukhala chakudya cha nkhumba ndi nkhuku.

"Mphwanga, inu a kumtunda mumayang'ana mtambo. Ife timayamba tamva mphepo." Anandiwerengera zinayi, akuloza ndi singano yosokera: mwera wochokera kummwera, wa nyengo yozizira, umene umautsa mafunde masiku angapo osapuma, mpoto, umene umabwera ndi mvula m'dzinja, vuma wa kuvuma, ndi zambwe wa kuzambwe. Msodzi akamva mphepo yatembenuka usiku, nyali zili pamadzi, sadikira dontho loyamba.

Ndinawafunsa za namondwe. Anaika ukonde pansi. "Namondwe lidali liwu lathu la panyanja. Mphepo, mafunde ndi mvula zikagwirizana, bwato osaona kumene likupita, ameneyo ndiye namondwe. Umamuona akubwera, umathawira kugombe, pakapita maola watha. Lero pa wailesi namondwe ali ndi maina a anthu."

Akunena zoona. Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, Chido kumapeto kwa 2024, Jude mu 2025. Anamondwe amenewa amabadwira pa nyanja ya mchere ya Indian Ocean, pomwe madzi ofunda amawapatsa mphamvu, n'kulowera ku Mozambique. Akamafika kwathu kuno mphepo imakhala itachepako, koma madzi amene asenza amadzawatula pa ife. Apa mpamene ndikuona vuto. Msodzi akamva namondwe amaganiza za bwato. Wa kumtunda akamva namondwe amaganiza za denga, n'kuikapo miyala. Koma chimene chimapha anthu ambiri kuno namondwe wotere akafika ndi madzi, ndipo kagwedwe kake ndi chimvula chimene chatenga khalidwe la mvumbi: madontho a chimvula, masiku a mvumbi. Liwu lakale talipatsa katundu watsopano, ndipo ndi bwino, chilankhulo chimakula choncho. Koma pochenjeza anthu tiziwonjezera mawu onena za madziwo.

Amalume anandiperekeza pang'ono, kenaka anaima n'kununkhiza. "Fulumira. Usiku uno kuli mkuntho."

Ndikulemba izi cha m'ma 11 usiku, ndi tochi ya pafoni. Yafika monga ananenera. Kunayamba kutentha kopanda mpweya, ching'aning'ani chikuwalira kutali kopanda phokoso, kenaka mphepo inamenya chitseko ngati munthu. Malata akulira, matalala akugogoda, ana akumbatira agogo awo. Mphezi yagwa penapake pafupi moti pansi pananjenjemera.

Loweruka

Nyumba yathu yapulumuka. Ya anganga denga lasasuka mbali imodzi, malata atatu tawatola m'munda mwa eni ake, ndipo chimanga cha m'mundamo masamba ake ang'ambikang'ambika ndi matalala ngati wadutsamo ndi chipeso. Mvula yonseyo sinakwane ola limodzi. Zidina za anganga ndi zouma gwa, palibe pamene panyowa. Nyumba ziwiri zoyandikana, sabata ziwiri zotsatana, ina yadyedwa kumapazi, ina kumutu. Wolemba lipoti adzati zonse zawonongeka ndi mvula yamphamvu.

Ndaimitsa ntchito yathu kuti tikonze dengalo. Mitanda idangokhazikidwa pamwamba pa khoma n'kutsamiritsidwa ndi miyala. Taboola khoma mizere inayi kutsika, tapisa waya n'kumanga mtanda uliwonse, chifukwa mphepo ya mkuntho sikankha denga, imalinyamula kuchokera pansi ngati chivundikiro cha poto.

Ndili padengapo ndinaona mapiri a tsidya la nyanja atayera bwino, mitsinje ikung'anima m'makwawa. Ndiye ndilembe zija ndinazengereza Lolemba.

Mu 2019 ndidamanga nyumba m'mbali mwa phiri la Soche ku Blantyre. Njerwa zootcha, simenti yokwanira, maziko akuya, malata atsopano. Ndinkanyadira ndikamadutsa. M'mwezi wa Malichi 2023 Freddy adafika, namondwe amene adayambira kufupi ndi Australia n'kukhala moyo masabata oposa asanu. Kudagwa mvula masiku atatu osakata. Tonse tidamva machenjezo, ndipo ine ndemwe ndidaimbira mwini nyumbayo kumuuza kuti asade nkhawa, nyumba yake singagwe ndi mvula. Sidagwe ndi mvula. Phiri lidatsika, matope, miyala yaikulu ngati galimoto ndi mitengo yamizu yake, ndipo pomwe padali nyumbayo padatsala khwawa. Mwa anthu asanu ndi mmodzi a m'nyumbamo adatsala awiri. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa osapezekanso.

Zitachitika, liwu limene lidali pakamwa pa aliyense ku Chilobwe, m'munsi mwa phirilo, lidali napolo. Zisanachitike, ine sindidalimve, ndipo sindidalitchule. Chikhalirecho liwulo tili nalo kuyambira kale. Napolo adatsika phiri la Zomba mu Disembala 1946. Adatsikanso ku Phalombe mu Malichi 1991 n'kupha anthu mazanamazana. Makolo ankati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimang'amba nthaka n'kudzikumbira njira mpaka kumadzi. Ife opita kusukulu tidati njokayo ndi nthano, ndipo potaya njokayo tidatayira kumodzi ndi chenjezo lake. Zomwe zimachitika n'zomwe zidachitikira khoma la amayi, kungoti khoma lake ndi phiri: dothi la pamtsetse limamwa mpaka kulemera, limaleka kugwirana ndi thanthwe la pansi pake, n'kutsetsereka lonse nthawi imodzi, makamaka pomwe mitengo idatha. Amene ankakhulupirira njoka ankadziwa kuti m'njira yake samangamo, kuti madzi akayamba kutumphuka pomwe padalibe kasupe ndipo phiri likamveka mkokomo, umathawa osatenga kanthu, ndipo umathawira m'mbali, osati kutsika ndi khwawa. Ndikanamuuza bambo uja kuti mvula iyi ndi ya napolo, mwina akanatulutsa ana ake usiku umenewo. Ndidamuuza za kulimba kwa simenti.

Madzulo ndinawafotokozera amayi nkhaniyi, koyamba. Sanandidule. Nditamaliza anangoika dzanja paphewa langa, n'kukhala choncho mpaka moto unazilala.

Lolemba ndi Lachiwiri

Dzulo ndi lero kwakhala dzuwa la Mangochi lenileni, loti pofika 10 koloko mpeni womangira sugwirika. Khoma lakwera mpaka kudenga. Talumikiza bwino m'makona ndi makoma akale, tawonjezera malata kuti denga lituluke kunja, ndipo mng'ono wanga wakumba ngalande kuzungulira nyumba yonse mpaka kumsewu. Makoma atatu otsalawo akadali a zidina. Ndawazunguliza ndi simenti m'munsi, koma ndawauza amayi mosabisa kuti chilimwe chikubwerachi tiumbe njerwa, tiotche, timange onse. Pulasitala wa kunja ndamupaka madzulo ano, ndipo ndasiya pulasitiki ndi miyala pafupi kuti aphimbe ngati kubwere chimvula asanaume.

Mdzukulu uja wadula botolo la pulasitiki, walikhomera pamtengo pakati pa bwalo, ndipo wayamba kulemba m'kope lake. Tsamba waligawa pawiri: mbali ina mamilimita, mbali ina dzina limene agogo ake atchule.

Lachitatu: pobwerera

Ndinanyamuka m'mamawa, chikwama chikununkha usipa wa amalume ndi mango a anganga. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu. Tikudutsa pa Ulongwe, pomwe chimvula chija chidatiimitsa, foni inalira.

"Mwanangu, kuno yayamba. Tiphimbe khoma?"

"Yotani, amayi?"

Kunakhala zii pang'ono. Ndinamva chitseko chikutseguka, nkhuku zikulira, iwo atatuluka panja kukaiona.

"Ya mawawa."

"Musaphimbe. Imeneyo simenti imaikonda."